Maso a nkhono ya pakhonde

Agogo anga ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sankanama. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, ndipo maso ake ali kunsonga kwa tiwiri tatitalito. Ukangoikhudza imatibweza m'kati, iwe n'kutsala ukuyang'ana chigoba. Wofuna kuwaona masowo amanjuta pansi nyengo ya mvula, n'kukhala phee ngati munthu wopanda ngongole. Chimene agogowo sankadziwa n'chakuti mdzukulu wawo adzapisa dzanja m'thumba kukagula nkhono yakeyake, yoyera, ya tinyanga tiwiri ndi diso limodzi, n'kuikhoma pakhonde.

Zinayamba ndi zovala. Tsiku lina tinadzuka chingwe chili pululu. Zonse zimene zinagonera panja zinali zitapita, kupatula sokosi imodzi yobooka imene ngakhale wakubayo anainyoza. Mayi akunyumba anagamula mlanduwo asanateleke n'komwe madzi a tiyi: "Bambo, pano pabwere galu kapena kamera." Ndinalingalira kuti galu amadya. Ndinasankha kamera, osadziwa kuti nayonso imadya, ndipo ndiwo yake ndi bandulo.

"Bwana, iyi ndi ya mphindi 5 basi, mukangolumikiza ku rauta," anatero wogulitsa uja. Mphindi 5 zimenezo zinayamba Loweruka m'mawa.

Choyamba foni inafuna apu. Apuyo inafuna imelo, imeloyo inafuna pasiwedi imene ndinaiwala kalekale. Titagwirizana, pafoni panatuluka kachidindo ka timabokosi takuda, kotchedwa QR, ndipo malangizo anati ndikaonetse kamerayo kuti iwerenge. Ine ndi changu changa ndinali nditaikhoma kale m'mwamba. Ndiye taganizani bambo wa ana atatu ali pamakwerero, akusendeza foni kufupi, akuibweza, akuipendeketsa, kupembedzera diso lagalasi kuti lione. Aneba anasuzumira pampanda. "Achimwene, mwayamba liti kuombeza?"

Kamera inalira kuti tii, kanyali kofiira kanaphethiraphethira, kenako mawu achizimayi anatuluka m'katimo kundiuza m'Chingerezi kuti zakanika. Anandiuza zimenezi ka 9. Mawuwo ndi aulemu, koma pofika kachisanu ndi chimodzi umayamba kumva kachipongwe.

Safunsa anadya phula, choncho ndinaitana mphwanga wa ku sekondale. Anayang'ana rauta, anayang'ana ine, n'kupumira m'mwamba ngati dokotala amene waona wodwala wochedwa kubwera. "Amalume, rauta yanuyi ili ndi misewu iwiri." Wina ndi wa 5 GHz, wina wa 2.4 GHz. Wa 5 uja ndi msewu wa phula, waliwiro, koma ukakumana ndi makoma awiri a njerwa umafooka. Wa 2.4 ndi kanjira ka kudimba, kapang'onopang'ono koma kofika mpaka kuseri kwa nyumba. Makamera ambiri otchipa amadziwa kanjira ka kudimbako basi. Rauta yanga, mwa nzeru zake, inaphatikiza misewu yonse iwiri pa dzina limodzi, ndipo foni yanga inali ikuthamanga pa phula pamene kamera inkaidikira kudimba. Tsiku lonse ndinali ndikukankhira nkhono pa M1.

Kuti tilekanitse misewuyo tinafunika kulowa m'mimba mwa rauta. Khomo lake ndi manambala olembedwa pa kapepala kunsi kwake, kwa ine 192.168.8.1, amene umalemba pamene umalembapo dzina la tsamba la pa intaneti. Panafunsidwa dzina. Mphwanga analemba admin. Panafunsidwa pasiwedi. Analembanso admin. Chitseko chinatseguka.

Apa mpamene ndinakhala pansi. Zaka zonsezi ndakhala ndikutseka geti ndi loko wamkulu ngati mutu wa mbuzi, pamene rauta yanga kiyi wake anali lende pachitseko. Ndipo iyi si nkhani yoseketsa yokha. M'chaka cha 2016 kunabuka pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai. Ntchito yake inali kuyendayenda pa intaneti, kugogoda pa makamera ndi marauta, n'kuyesa mapasiwedi pafupifupi 60 a kufakitale, monga admin ndi 12345. Zipangizo zikwi mazanamazana zinatsegula zitseko n'kusanduka asilikali ake. Mu Okutobala chaka chomwecho gulu limeneli linathira nkhondo kampani ya Dyn ku America, moti Twitter ndi Netflix zinasowa kwa anthu ambiri kwa maola angapo. Alonda amene anthu anagula kuti aziyang'anira makomo awo anapita kukaba kwina, eni ake ali mtulo. Agogo sanatchulepo za nkhono yoti maso ake angabwerekedwe ndi mlendo wa kutsidya kwa nyanja.

Ndinasintha pasiwedi ya rauta ndi ya kamera yomwe. Ndinaika yolimba, ya zilembo zazikulu ndi zazing'ono, manambala, ndi kachizindikiro kena. Inalimba kwambiri moti Lamulungu m'mawa inandikana ine mwini. Mankhwala ake ndi kabowo kakang'ono kuseri kwa rauta: umalowetsamo phini, n'kudina masekondi 10 kapena kuposerapo, ndipo rauta imaiwala zonse ngati mboni yolandira chiphuphu. Tinayambanso pa admin.

Zotsalazo ndingozidumpha: kusamutsa rauta kuchoka kuchipinda kupita pawindo la pabalaza kuti netiweki ifike pakhonde, kugula memori khadi kuti zithunzi zizisungika ngakhale bandulo ithe, kugulanso kabatire chifukwa magetsi akazima rauta ndi kamera zimagona limodzi, pa ola lenileni limene akuba amadzuka. Galu uja anali wotchipa.

Lamulungu madzulo chithunzi chinatuluka pafoni. Khonde langa, geti langa, chingwe changa. Ndinaona maso a nkhono, ndinaonanso ndi maso a nkhono. Ndinagona ngati mfumu mpaka 1 koloko usiku, foni italira kuti kwabwera munthu. Ndinadzambatuka, chibonga m'manja. Anali kangaude. Usiku kamera imayatsa kuwala kumene ife sitikuona, tizilombo timasonkhanapo, ndipo kangaude, amene sachita kuuzidwa pamene pali msika, anamanga shopu yake pa diso penipeni. Pambuyo pake panabwera nalimata, kenako mphaka wa aneba, kenako nthambi ya mango ikugwedezeka. Sabata imeneyo ndinagwira zigawenga 40, zonse za miyendo yoposa iwiri, kupatula nthambi ija.

Wakuba sanabwerenso. Koma mphwanga, mwa ulemu wake, anaikanso apu ija pafoni ya azakhali ake. Lachisanu lapitali ndinachedwa pang'ono kumene ndinkaonera mpira. Ndinavula nsapato pageti, ndinabweza khosi m'kolala, n'kuyamba kukwawa m'mbali mwa khoma pang'onopang'ono, pamene ndinkaganiza kuti diso silifika. Nditatsala pang'ono kugwira chitseko, kamera ija inatsokomola, chifukwa ilinso ndi sipika, ndipo mawu ake sanali a Chingerezi ayi.

"Bambo, ndi 11:42. Nsapato zanu mwazisiya pageti."