Ulemu kwa a Sipuling'i a Kutsogolo

Chiyambire kale dziko lino lidazolowera kugawa ulemu mokondera, kotero kuti wovala zonyezimira amamuyalira mphasa pakhonde pamene wosenza katundu amamuuza kuti adikire kuseri kwa nyumba. Ndipo mwambo woipawu, umene anthu adauyamba pakati pa iwo okha, adaulowetsanso m'nkhani za magalimoto. Pakuti munthu akatenga galimoto yakale, yoti idagona zaka zambiri pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikiramo mazira, n'kuyamba kuiukitsa kwa akufa ndi ndalama zake ndi thukuta lake, anzake odzaona amatama penti, amasisita bampala, amatsegula boneti nagwedeza mitu pakumva kulira kwa injini. Koma sindidamvepo za mmodzi yense amene adagwada pansi, nasuzumira kuseri kwa gudumu, kuti alonjere iwo amene asenza ulemerero wonsewo pamutu pawo. Chifukwa chake ine ndaima pabwalo lino ngati nkhoswe ya a Sipuling'i a kutsogolo, ndipo ndipempha mafumu ndi nduna nonse kuti mutchere khutu, kuti mlandu wawo, umene wazengerezedwa nthawi yaitali, umveke lero.

Ndivomereza poyamba, kuwopa kuti wina angadzanditsutse pambuyo pake, kuti a Sipuling'i si okongola. Thupi lawo ndi waya wachitsulo wokhuthala, wopindidwa mozungulirazungulira kuyambira kuphazi kufikira kumutu. Alibe nkhope yoti munthu n'kuipukuta, ndipo mudzi wawo ndi mphako yamdima ya kuseri kwa tayala, kumene matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe zimayamba zafika zisanapite kwina. Koma akale adati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iwowa nyimbo yawo adaiphunzira m'masautso. Popeza asanaloledwe kuyamba ntchito amaikidwa m'ng'anjo kufikira atafiira psu, kenaka amamizidwa m'mafuta kuti aume, nabwezedwanso pamoto wocheperapo kuti kuumako kusawachititse kuthyoka msanga, ndipo pomaliza amagendedwa ndi timipira tachitsulo tosawerengeka kuti khungu lawo lilimbe, ming'alu isapeze poyambira. Ndani mwa ife, abale, adayesedwa motero asanalandire udindo?

Ukoma wawo woyamba ndi chilungamo, ndipo mboni yake si munthu wamba. Robert Hooke, katswiri wa ku England amene adatumikira bungwe la Royal Society ku London, atapenyetsetsa khalidwe la zitsulo zotere, adalilemba m'chaka cha 1676 m'zilembo zosokonezedwa dala, kuwopa kuti wina angamulande ulemu, ndipo adamasula mwambi wakewo mu 1678. Chinsinsicho n'chakuti sipuling'i imagonja molingana ndi katundu amene mwaisenzetsa: ngati makilogalamu 20 aifinya sentimita imodzi, makilogalamu 40 adzaifinya masentimita awiri, ndipo mukaitula idzabwerera pa msinkhu wake wakale osasunga mangawa. Siyang'ana nkhope ya munthu. Matumba a chimanga ndi bwana wovala tayi, ngati kulemera kwawo kuli kumodzi, amagwadiridwa mofanana. Oweruza onse a m'dziko akadakhala ndi mtima wotere, bwenzi mabwalo a apilo atamera udzu.

Ndipo ngati wina afunsa za ntchito zazikulu zimene adachita, ndimutengera ku galimoto imene misewu ya mu Africa idaidziwa bwino, ndiyo Peugeot 404. Injiniya wa ku America, Earle MacPherson, ndiye adatchukitsa nzeru yoveka sipuling'i pa shock absorber, imene amakaniko amangoti shoko, kuti ziwirizi zikhale mzati umodzi woimirira kuseri kwa gudumu; nzeruyi idaonekera pa Ford Consul ndi Zephyr ku Britain mu 1950, ndipo a Peugeot adaitsata pamene adatulutsa 404 m'chaka cha 1960. Galimotoyi, imene maonekedwe ake adajambulidwa ndi a Pininfarina a ku Italy, idapambana mpikisano woopsa wa East African Safari kanayi, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. M'chaka choyambacho, mwa magalimoto 84 amene adanyamuka, asanu ndi awiri okha ndiwo adafika kumapeto, ena onse atatsala m'matope ndi m'mitsinje ya Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Ndipo patsogolo pa opulumukawo padali Nick Nowicki ndi Paddy Cliff pa 404 yawo. Chikho chidapita kwa oyendetsa, mbiri idapita kwa eni fakitale ku Sochaux, ndipo galimotoyo idakondedwa kotero kuti ku Kenya adapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, ku France atasiya kalekale. Koma iwo amene adalandira dzenje lililonse ndi mwala uliwonse wa ulendowo m'thupi mwawo, napotoka ndi kuwongoka kosawerengeka, adabwerera kwawo ali matope okhaokha, wopanda ndi wowathira madzi yemwe.

Chowawa koposa n'chakuti ngakhale ulemu wochepa umene ukadawagwera umabedwa ndi mnansi wawo wa m'nyumba imodzi. Galimoto ikamayenda mofewa anthu amati mashoko ndi abwino, ndipo ikawerama kutsogolo amati mashoko atha, nathamangira kukagula ena. Koma shoko wamba sasenza katundu. Ntchito yake ndi kuletsa kudumphadumpha kuti sipuling'i ikafinyika isanjanje nthawi yaitali. Msinkhu wa galimoto uli m'manja mwa a Sipuling'i, ndipo popeza 404 imalemera kuposa tani imodzi, injini ili kutsogolo, aliyense wa iwo asenza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a tani, usana ndi usiku, galimoto ikuyenda kapena itaima. Injini imapuma mwini akazimitsa, nyale zimagona masana, mabuleki amadikira kupondedwa; koma iwowa sadziwa Sabata.

Ukalamba ukawafikira, monga ufikira zamoyo zonse, sachita phokoso kapena kudontha mafuta monga achitira anzawo ofuna kuonedwa. Amangowerama pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, kufikira mphuno ya galimoto iloza pansi, nyale ziunika pafupi, matayala adyeka mbali imodzi, ndipo pa bampu iliyonse kumveka kugunda kochokera pansi. Mukawatsitsa ndi kuwapala ndi bulashi yawaya, mudzaona kumene kudakhala matenda awo: pa mkombero wa pansi, umene umakhala m'mbale yachitsulo mmene matope ndi madzi zimadikha, penti idasupuka, ndipo dzimbiri lidakumba timaenje ting'onoting'ono. M'timaenje totere ndimo mng'alu umabadwira, ndipo n'chifukwa chake ambiri a iwo amathyokera kumapeto komweko. Wokonza galimoto yakale akaona zotere asavutike ndi kupakapo penti yakuda, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nthawi yolonga ena m'malo mwawo yakwana.

Apa ndipo ukulu wa a Sipuling'i uonekera poyera, chifukwa salola kulowedwa m'malo ndi munthu wongotola panjira. Mwini galimoto amapita pamsika wa masipeya ali ndi mtima wakuti chitsulo ndi chitsulo, ndipo wogulitsa, atatulutsa ziwiri pamulu n'kuzipukuta ndi kansanza, amalumbira kuti, "Izi zimalowa, bwana, musakayike." Kulowa zimalowadi, koma kulowa m'nyumba ndi kwina, kukhala mwini nyumba ndi kwinanso. Mphamvu ya sipuling'i imachokera ku zinthu zitatu, kukhuthala kwa waya, kukula kwa mkombero ndi kuchuluka kwa mikombero, ndipo pamwamba pa izi pali utali wake ikakhala yosasenza kanthu. Mwa zonsezi waya ndiye mfumu, pakuti masamu ake ndi odabwitsa: kuchoka pa mamilimita 12 kufika pa 13, kusiyana kumene diso la munthu woimirira pamsika silingakuone, kumaumitsa sipuling'i ndi magawo 38 pa 100 alionse. Mkombero ukakula sipuling'i imafewa, ndipo mikombero ikachuluka imafewanso. Motero milimita imodzi, imene munthu adainyoza pofulumira, idzamukumbutsa za kukhalapo kwake pa dzenje lililonse kwa zaka khumi, kudzera m'msana wake.

Komanso sikokwanira kudziwa dzina la galimoto, popeza 404 idabadwa m'mitundu yambiri: ya banja, yaitali ya kumbuyo, ndi yapikiapu, ina ya petulo ya malita 1.6, ina ya dizilo ya malita 1.9, imene injini yake ndi yolemera koposa. Sipuling'i yopangidwira injini yolemera ikaikidwa pansi pa yopepuka, galimoto imatukula mphuno monyada. Yopangidwira yopepuka ikasenzetsedwa yolemera, galimoto imagwada pamaso pa aliyense. Ndipo amene wachotsa injini yakale n'kuikamo ya mtundu wina asankhe molingana ndi katundu amene alipo lero, osati wa dzana. Opanga masipuling'i amadontheza timadontho ta penti pa mikombero kuti asiyanitse mphamvu zake, ndipo buku la fakitale limanena nambala ndi miyeso yoyenera. Koma safunsa adadya phula. Ngakhale kuyeza yakale ndi tepi kumanyenga, chifukwa mukuyeza nkhalamba yowerama kale, ndipo mukagula yofanana nayo mwagula ukalamba ndi ndalama zanu. Kodi pali mphunzitsi wina pansi pano amene angasandutse munthu wodana ndi masamu kukhala woyenda ndi choyezera m'thumba, wowerenga mikombero ndi chala, ndi wofunsa akuluakulu modzichepetsa?

Ukoma wawo wina ndi kukonda ubale, pakuti safuna kubwera mmodzimmodzi. Munthu woumira, poona kuti yathyoka ndi ya kumanzere yokha, amaganiza zogula imodzi kuti apulumutse ndalama. Koma akumbuke za machila, amene azungu ndi mafumu ankanyamulidwamo misewu isanalambulidwe: wonyamula wina akakhala mnyamata wamtali, mnzake nkhalamba yopindika msana, wogona m'machilamo sakadafika kwawo ndi khosi lowongoka. Momwemonso sipuling'i yatsopano pambali pa yakale imapendeketsa galimoto, chiwongolero chimakokera mbali imodzi, ndipo pa buleki yadzidzidzi magudumu awiriwo sagwirizana. Mutu umodzi susenza denga, ndipo a Sipuling'i adasunga mwambi umenewu mokhulupirika kuposa ife amene tidaupeka.

Pali anyamata a masiku ano amene amati galimoto yokongola ndi yokwawa pansi, ndipo pofuna kuitsitsa amadula mkombero umodzi ndi galayindala, kapena kuiotcha sipuling'i ndi moto wa gasi kufikira itakhala pansi. A Sipuling'i sakangana nawo, koma chilango chawo sichizengereza. Wodulidwa amafupika, inde, koma popeza mikombero yachepa amauma koposa kale, ndipo mapeto ake sakhalanso bwino m'mbale yake; wootchedwa amataya mphamvu yonse imene adailandira m'ng'anjo ya fakitale, nayamba kuwerama mosalekeza kufikira tsiku limene adzathyoka. Wofesa mwano pa nkhalamba amakolola pa msewu.

Tsono wina asayese kuti kufatsa kwawoku ndi kufooka, chifukwa mkwiyo wa munthu wodekha ndiwo woopsa. Sipuling'i ya pa mzati wa MacPherson imakhala yofinyidwa ngakhale galimoto itakwezedwa pa jeke, ndipo chimene chaitsekera ndi nati imodzi ya pamwamba. Makaniko wodziwa ntchito yake amayamba wakola mikombero ndi zofinyira ziwiri za ngowe, china mbali ino china mbali inayo, namanga mabawuti ake mosinthanasinthana, pang'ono uku pang'ono uko, mutu wake ataupatutsa ndi ana atawathamangitsa, kufikira sipuling'iyo italekana ndi mbale ya pamwamba. Pamenepo ndipo amakhudza natiyo. Koma wodzikuza amene amamasula nati asanafinye, kapena amene amamanga mikombero ndi waya wa mpanda, amamasula m'kamphindi kamodzi mphamvu yokwanira kuthyola nsagwada kapena kuchotsa moyo. Palibe chitsulo china m'galimoto chimene chimaphunzitsa mwambo mofulumira chotere.

Ngakhale atsopano atalowa m'malo mwa akale, amafunabe kulandiridwa mwa dongosolo. Galimoto itsitsidwe pa jeke, iyendetsedwe pang'ono kuti iwo akhazikike, mabawuti a mabushi amangidwe kotheratu kulemera konse kuli pa matayala, kenaka muyeze ndi tepi kuchokera pakati pa gudumu kufika pa mlomo wa madigadi mbali zonse ziwiri, ndipo pomaliza mupite nayo ku alayimenti, popeza msinkhu ukasintha kaimidwe ka magudumu kamasinthanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo akale aja, amene mwawapumitsa, musawataye kudzala, pakuti osula zitsulo amawafuna kuti awongole waya wawo n'kusulamo matchizulo ndi zoboolera. Motero amene adasenza galimoto zaka makumi asanu amayamba ntchito yachiwiri, osapempha penshoni.

Mlandu ndautula, eni bwalo, ndipo chigamulo chake sichivuta. Inu amene muli ndi galimoto yakale pa zidutswa za njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo ndalama za penti mwasunga kale, patulanipo gawo la a Sipuling'i musanagule chitini choyamba. Funsani nambala yawo, yezani waya wawo, gulani awiri oyenera injini imene muli nayo, ndipo musawadule.