Mkamwini ndi Kaundula wa Manambala

Mkamwini alibe chake. Ine kwa Kanduku kuno ndinabwera kudzakwatira: munda ndi wa mayi a kunyumba, mitengo ya manachesi ndi ya apongozi, ngakhale galu amandiuwa ngati ndafika dzulo. Chomwe ndingaloze n'kunena kuti ichi n'changa ndi kabokosi ka intaneti kali pamwamba pa kabati.

Nako kanandiwukira. Bandulo ya mwezi inkatha masiku anayi. Madzulo alionse pakhonde pamadzaza ngati pagwa zovuta, alamu anga atatu atazyolika pa mafoni, moni osapereka. Password ndinauza mkazi wanga yekha, koma kuchikamwini kunong'oneza mkazi ndi kulengeza pabwalo la mfumu.

Mng'ono wanga, amene amagwira za makompyuta ku Blantyre, anabwera nyengo ya manachesi ndi kachipangizo kakale kotchedwa firewall. Ati ndi mlonda wa pageti.

"Achimwene, foni iliyonse ikalowa imapatsidwa IP address, manambala anayi, iliyonse yosapitirira 255. Maadiresi oterewa alipo pafupifupi 4.3 biliyoni, ndipo nkhokwe yaikulu inauma mu 2011. Kuno ku Africa amagawa ndi AFRINIC ya ku Mauritius. N'chifukwa chake m'nyumba timangobwerezabwereza oyamba ndi 192.168."

Ndinamva msanga. Ndi ngati dzina la Banda: mudzi uliwonse ali nalo, koma sasokonezana.

Anandiphunzitsa kutenga nambala n'kuipatsa dzina. Imeneyo amati object. Ma object angapo ukawamanga mtolo umodzi, ndiye group. Lamulo umaika pa mtolo, osati pa munthu mmodzimmodzi. Pa Cisco amati object-group, pa FortiGate address group, pa MikroTik address list, koma ine ndinaona kuti ndi kaundula wa makuponi a feteleza basi, ndipo ulendo uno wolemba maina ndine.

Usiku umenewo sindinagone. 192.168.1.10 ndinalemba "Mwini". 11, "Mayi". 14, 15 ndi 16 ndinawaponya mu gulu lotchedwa "Alamu", lamulo lake: asadutse. Podina batani dzanja linanjenjemera ndi chimwemwe. Zaka 12 za ukamwini, aka kanali koyamba kugamula mlandu.

Masiku awiri pakhonde panali zii. Ndinayamba kuyenda manja kumbuyo.

Tsiku lachitatu kunachita mitambo, batire ya sola inafa, kabokosi kanazima. Chimene mng'ono wanga ananena ine ndikusenda nachesi osamvetsera n'chakuti manambala aja ndi obwereka. Muli kalaliki wina, DHCP, amene amagawa kwa wofika msanga, ndipo wanga akadzuka kutulo sakumbukira nkhope. Dzuwa litawala, woyamba kufika pafupi ndi nyumba anali apongozi anga aakazi, akudikira foni ya WhatsApp kuchokera kwa mwana wawo wa ku Johannesburg, yemwe amatumiza ndalama. Nambala yomwe kalaliki anawapatsa inali ya m'gulu la "Alamu".

Munthu amene ndikakumana naye panjira ndimapatukira kutchire, ndinamutsekera geti.

"Abambo, amayi akufunsa ngati alakwa chiyani pakhomo pano," anatero mkazi wanga, mawu ali pansipansi, amene amaopsa kuposa kukalipa. Cha kuseri ndinamva kuseka. Mlamu wamng'ono anali atalandira 10. Pa kaundula wanga, iye ndiye anali "Mwini", akuonera mpira.

Thukuta lili kamukamu, ndinati ndikonze ndekha. Ndinalemba object yatsopano ya mlamuyo. Kumapeto kwa nambala kumakhala kamchira: /32 ndiye kuti munthu mmodzi, /24 ndiye kuti mudzi wonse, maadiresi 254. Ine ndinaganiza kuti 24 ndi yochepa, ndiye chilango chikhala chopepuka. Lamulolo ndinalikweza pamwamba penipeni, poti mlondayu amawerenga kuyambira kumwamba ndipo akapeza loyamba logwirizana, otsatirawo alibe nawo ntchito.

Anamvera. Anatsekera alamu, apongozi, mayi a kunyumba, ndi ine wolemba malamulo. Tsamba lokonzera lija linakana kutseguka. Mfumu inathamangitsa mudzi wonse, iyonso n'kupezeka ili kunja kwa mpanda.

Ndinaimbira mng'ono wanga ndi mayunitsi okongola. Ataseka mpaka kutsokomola, anati ndikanamangirira nambala iliyonse ku MAC address ya foniyo, ngakhale mafoni amakono amatha kubisa imeneyonso. Pakali pano, ati, ndipeze pini ndibaye kabowo ka reset kumbuyo.

Pini m'nyumba monse inasowa. Mkazi wanga anapita kukabwereka kwa amayi ake, n'kubwera nayo atanyamula ndi manja awiri, pamodzi ndi uthenga wakuti ndikamaliza ndibweze.

Ndinabaya. Magulu onse anafufutika, password inabwerera ija yolembedwa pa kapepala kunsi kwa bokosi. Ndisanatembenuze bokosi kuti ndiiwerenge, mlamu wamkulu anandiyankhira ali pakhonde, chilembo chimodzichimodzi, pamtima.