Ulemu kwa Antchito Osaweruka

Timadandaula za ulesi m'maofesi, koma sitithokoza antchito amene sanapemphepo tchuthi chibadwire. Ndikunena majini oyambitsa khansa, amene akatswiri amawatchula kuti ma oncogene. Si obwera ayi. Mu 1976 Michael Bishop ndi Harold Varmus adaonetsa kuti ndi majini athu omwe, amene amauza selo nthawi yogawikana, kungoti khama lidawapitirira.

Akatswiri amawaika m'magulu potengera ntchito, ngati pakampani. Amesenjala, monga sis, amafikitsa uthenga woti selo ikule ngakhale palibe wawatuma. Alonda apageti, monga HER2, amangoyenera kulandira uthengawo, koma pa khansa zina za m'mawere amachulukana pakhoma la selo mpaka kukuwa kuti "kwabwera lamulo!" kunja kuli zii. Mlonda wotere mungamudule malipiro?

Koma ine mtima wanga uli pa kapitawo Ras. Ntchito yake ndi kuyatsa makina, kenako nkuzimitsa. Chilembo chimodzi chokha cha DNA chikasintha, amaiwala kuzimitsako, basi usana ndi usiku makina akungolira. Pa khansa 10 zilizonse za kapamba, pafupifupi 9 mumapezamo m'bale wake KRAS ali kalikiliki. Kudalirika kumeneko nkosowa.

Bwana wamkulu ndi MYC, amene amakhala mkatikati mwa selo nkumasayinira majini ena kuti ayambe ntchito. Akangomusamutsa kuchoka pa chromosome 8 kupita pa 14, pafupi ndi majini a chitetezo cha thupi amene sagona, amasayina chilichonse. Zipatso zake ndi khansa yotupitsa nsagwada za ana imene Denis Burkitt adalemba ku Uganda mu 1958, ndipo madokotala a ana ku Malawi amaidziwa bwino. Apa pokha manja akundilemera kuomba.

Ndiye pali BCL2, amene sapanga kanthu, ntchito yake ndi kung'amba makalata opumitsa anthu pantchito. Selo yokalamba kapena yowonongeka imayenera kudzipha yokha; iye amati agogo khalani.

Ansanje sasowa. Mu 2001 adavomereza mankhwala a imatinib oti atseke pakamwa wantchito wina, BCR-ABL wa khansa ya m'magazi, ndipo zidathekadi. Ras adawazemba zaka pafupifupi 40, mpaka mu 2021 pamene mankhwala a sotorasib adagwira mtundu umodzi wokha wa KRAS. Abale ake ambiri akadali pa ovataimu.