Mwa a Fosholo anayiwa, wathu ndi uti?

Zonsezi anayambitsa ndi mphwanga wa ku Joni. Anaimba pa WhatsApp usiku, ati mwana wake amuuza kusukulu kuti ajambule "mtengo wa banja" mpaka kukafika kwa agogo a agogo ake. Kutacha ndinalawirira kumudzi kwa Mphuka ku Thyolo, n'kuwapeza agogo akuwothera dzuwa pakhonde.

"Agogo, a ku Joni akufuna mtengo wa banja lathu."

"Audule?"

"Ayi, angoujambula."

"Ndi wa mapeyala uwo kuseriko. Koma asathyole, sanakhwime."

Nditalongosola bwino kuti aphunzitsi akufuna dzina la bambo, la bambo a bambowo, n'kumapita m'mbuyo choncho, agogo anaseka mpaka kutsokomola. "Amuna? Kunotu mwamuna amabwera ndi bulangete, n'kuchoka ndi bulangete lomwelo. Lembani akazi, mdzukulu wanga, ndiwo sasuntha." Aphunzitsi a ku Johannesburg za chikamwini akazimvera kuti?

*

Zaka ndiye zinandizunguza mutu. Agogo chaka chobadwa sachidziwa, amangoti pa njala ya 1949 n'kuti atayamba kusenza mtsuko osagwirira. Tinene kuti anali ndi zaka khumi. Koma chitupa cha unzika cha malume, mwana wawo woyamba, chimene anajambulitsa pa kalembera wa 2017, chikuti anabadwa 1946. Malumewo anaulula okha kuti ali mnyamata anadziwonjezera zaka khumi kuti awalembe ntchito yothyola tiyi, ndipo bodzalo linakula nawo.

"Agogo, malinga ndi chitupachi munabereka muli ndi zaka zisanu ndi ziwiri."

"Ndiye n'chifukwa chake mimba yake inandilemera."

*

Bambo awo a agogo anawoloka Ruo kuchokera ku Mozambique, monga anachitira Alhomwe ambirimbiri othawa msonkho ndi ntchito yakalavulagaga ya Apwitikizi. Kuno anapeza malo ali m'manja mwa azungu, minda ya tiyi ikutsegulidwa. Esiteti ya Satemwa, mwachitsanzo, anaiyambitsa ndi Maclean Kay mu 1923. Wobwera ankaloledwa kumanga nyumba pa esiteti, lendi yake n'kukhala thukuta: thangata, amene anadzatha mu 1962. Dzina la Chilhomwe likamukanika mzungu kutchula, munthu ankangopatsidwa la chinthu chimene chili pafupi. Ndimo munachokera a Supuni, a Tebulo, a Sikelo. Athu anagwera Fosholo.

Kalaliki wina wopuma, mnzawo wa malume wapabawo, ali ndi buku lakalekale la antchito a pa esiteti ina, theka lake chiswe chinadya. Tinatsegula mosamala ngati tikusenda dzira. A Fosholo analimo anayi.

Malume sanachedwe, chala pa woyamba. "Uyu, kapitawo. Magazi a utsogoleri kwathu ndi akale."

Agogo anati tiwawerengere onse. Wachiwiri anali mlonda. Wachitatu anangokhala miyezi iwiri n'kusowa. Wachinayi ankathyola bwino ndithu, koma Lolemba lililonse kalaliki ankalemba kuti wajomba.

"Basi ndi amenewo," anatero agogo nkhope ili gwa. "Lamulungu ndiwo ankaimba ng'oma ya tchopa pamowa."

Ndinati ndikafufuzenso m'kaundula wa ubatizo ku Malamulo, mishoni ya a Seventh-day Adventist ku Makwasa imene ilipo chiyambire 1902. Agogo anandiletsa: "Musataye ya basi. Bambo ankangodutsa kunja kwa mpanda, chipanda chili kumsana."

*

Ku Zomba tinapita awiri ndi malume, iwo atavala jekete ya pa ukwati. Kumeneko ndiko kuli National Archives of Malawi, nyumba yosungira zikalata za boma imene inatsegulidwa mu 1947. Ndinafufuza "Thyolo" m'ndandanda wa mafayilo a nthawi ya atsamunda, osapeza kanthu, mpaka mkulu wina wa pomwepo anandinong'oneza kuti azungu ankalemba "Cholo". Alhomwe nawo m'mapepalamo ndi "Anguru", dzina lija anthu a kwathu amadana nalo.

Malume magazi anawira. "Walemba zimenezi ndani?"

"Ndi DC wa kalekale, malume."

"Ali kuti?"

"Anamwalira."

"Wachita mwayi."

Mafayilo amenewa amadziwa kuwerenga nyumba, msonkho ndi milandu. Munthu wamba wofatsa, wolipira msonkho pa nthawi yake, simumupezamo ndi dzina. Amene anatukwana mesenjala ndiye ali ndi tsamba lakelake. Ndinayamba kudandaula kuti a Fosholo athu ankangojomba osamenyako munthu.

Chimene chinawasangalatsa malume ndi moto. Atamva kuti mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa ndipo zikalata zambiri zakale zinathera pomwepo, anawomba m'manja. "Ndimadziwa ine! Pepala la malo athu linapsera momwemo." Ndinawakumbutsa kuti munthu wa thangata analibe malo, koma ndinkangolankhula ndi jekete. Pobwerera, m'minibasi yochokera ku Limbe anafotokozera aliyense. Pa Bvumbwe malo opsawo anali maekala makumi asanu. Pa Thunga anakwana mazana awiri. Pofika pa boma, phiri lonse la Thyolo linali lathu, ndipo kondakitala anawapempha kuti akadzalanda amusungireko poti adzale nthochi.

*

Panatsala bokosi lachitsulo la pansi pa bedi la agogo. M'menemo muli pepala lokulunga m'kansalu, limene mbumba yonse yakhala ikulitchula kuti wilu ya a Fosholo, ngakhale palibe analiwerengapo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati wilu ikhale yolembedwa, yosainidwa, pamaso pa mboni ziwiri. Malume anati ife tichita kuposa lamulo: anaitana amfumu, nkhuku inafa, iwo n'kukhala pampando wa kutsogolo monga mwini mbumba.

Mdzukulu wa Fomu 4 ndiye anawerenga. Inali risiti ya msonkho.

"Eya," agogo anavomera. "Ankaisunga kuposa mwana. Amesenjala akakupeza ulibe, unkagona ku boma."

"Nanga osatiuza bwanji zaka zonsezi?"

"Munandifunsa?"

Malume sanagonje. "Tembenuza, iwe. Zofunika amalemba kuseri." Kuseri kunalidi zolemba za pensulo, za Chinyanja chokhotakhota: ngongole ya mowa, masheleni atatu, kwa mayi wina wofulula. Mwanayo atatchula dzina, amfumu anaika fupa pansi n'kupukuta m'manja.

"Amenewotu ndi agogo anga ondiberekera mayi. Masheleni atatu a nthawi ya King George, mungowerengera nokha pa kwacha ya lero. Paja mwini mbumba pano ndani?"

Malume anayang'ana kudenga, anayang'ana nkhuku, kenako n'kuloza foni yanga.

"Taimbira wa ku Joni uja. Mtengowu anaufuna ndi iyeyo."