Njinga Yoyezera Thupi, Thupi Lake la Nsima

Amene mukufuna kugula njinga kuno ku Glasgow, konzekerani mayeso. Kwathu munthu amaloza njinga, n'kuliza belu, n'kudina tayala ndi chala, malonda atha. Kuno amayamba akufunsani kaye: mukufuna yopangiratu ku fakitale, yomwe ikudikira mwini wake m'sitolo, kapena yoti mmisiri akulumikizireni mapaipi achitsulo molingana ndi thupi lanu? Kunena mwachidule, ndi nkhani ya suti ya pa kaunjika ndi suti yosoketsa kwa telala.

Anayambitsa zonsezi ndi adokotala, amene anayang'ana mimba yanga nthawi yaitali n'kunena kuti ndiziyendako. Vuto ndi loti ndimakhala ku Pollokshields, kum'mwera kwa mtsinje wa Clyde, kumene msewu wa Albert Drive wadzaza ndi masitolo a anzathu ochokera ku Pakistan, ogulitsa samusa, nyama yowotcha ndi zotsekemera zonona. Woyenda pansi mumsewu umenewu amabwerera kunyumba atanenepa kuposa mmene anachokera. Ndiye ndinati bola njinga, ndizidutsa mphuno isanamve kanthu.

Za chitsulo sindinafune kukambirana ndi munthu. Felemu ya aluminiyamu kapena ya carbon ndi yopepuka, sindikukana, koma Mmalawi amakhulupirira chinthu choti chikathyoka apite nacho kwa wowotcherera. Chitsulo chimapindika chisanathyoke, ndipo ukachisamala chimafika kwa adzukulu.

Kusitolo mnyamata wogulitsa anandifunsa kutalika kwanga, n'kundiuza kuti njinga zawo zili m'masaizi a S, M ndi L. Anandiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu, n'kukhala chete. Ndinamumvera chisoni mwana wa eni ake, chifukwa miyendo yanga ndi ya S, msana ndi wa M, pamene pakatipa ndi L weniweni. Mwaulemu anati mwina ndikaonane ndi mmisiri wa mafelemu.

Kwa mmisiri kuja ndinakaona zimene makolo anga sanaonepo. Anandivulitsa nsapato, n'kundiimika chotsamira khoma, n'kundipanitsa buku pakati pa miyendo kuti ayeze kuchokera pamenepo kufika pansi. Munthu wamkulu ngati ine, mkulu wa mpingo! Anayeza mikono, mapewa, ngakhale phazi. Kenaka anati ndiwerame ndigwire zala za kumapazi. Ndinawerama ndithu, ndinapereka moni kwa mawondo, n'kubwerera. Iye analemba kanthu m'kope mwake, ndipo anakana kundionetsa.

Koma luso lake ndilo ndinalivulira chipewa. Anandigwiritsa paipi ya Reynolds, kampani ya ku Birmingham imene inatchuka ndi chitsulo chotchedwa 531 kuyambira mu 1935. Paipiyo ndi yokhuthala kumapeto kumene amalumikizira, koma pakati ndi yopyapyala osafika ndi milimita imodzi yomwe. Amaidula, amaipala mpaka igwirane bwino ndi inzake, kenaka amasungunulira mkuwa kapena siliva m'mfundomo ndi moto wa gasi. Anati paipi ya pamwamba pa felemu ikatalika ndi mamilimita khumi okha, khosi ndi msana zimadandaula.

Mamilimita khumi! Ine kupalasa ndinaphunzirira pa Humber ya bambo anga, mwendo umodzi nditaulowetsa kunsi kwa mtanda wa felemu, thupi lonse lili chammbali, chishalo chikundigunda m'khutu. Njinga imeneyo inkanyamula amayi kupita nawo kuchigayo, thumba la chimanga, mbuzi yomangidwa pa kaliyala, ndi wodwala aliyense wa m'mudzi. Palibe amene anayezedwa. Funso linali limodzi basi: kodi matayala ali ndi mpweya?

Mnansi wanga, gogo wa Chisikoti amene amapalasabe mpaka lero, ndiye anathira mafuta pamoto. Anati Glasgow ndi mzinda wa Flying Scot, njinga zachitsulo zimene kampani ya David Rattray inkapanga pamanja, ndipo mwamuna wodzilemekeza sakwera njinga ya wina aliyense. Anandikumbutsanso za Graeme Obree wa ku Ayrshire, amene anadzipangira yekha njinga yotchedwa Old Faithful, n'kuikamo mabering'i a makina ochapira zovala, ndipo mu 1993 anaposa wina aliyense padziko pa mtunda wopalasa mu ola limodzi. Madzulo ake mayi a kunyumba anandipeza ndikuzungulira makina athu ochapira. Anangoti, "Bambo, mukagwira amenewo muzichapa nokha ku Clyde."

Mtengo ndiwo unandikhazika pansi. Felemu yokhayokha, yopanda tayala, tcheni kapena belu, imapitirira mapaundi 1,000, ndipo umadikira miyezi. Mayi a kunyumba anayamba kuwerenga pa zala kuti ndalama imeneyo ingagule njinga zingati za Buffalo, zija kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100, zoti achimwene awo ndi asuweni anga ayambire kabaza. Anawonjezera kuti njinga zakale za Pashley zimene ankayendera onyamula makalata a Royal Mail, bungwe la Krizevac Project linazitumiza ku Malawi, ndipo zikugwira ntchito popanda wofunsa kutalika kwa mwendo wa munthu.

Panalinso masitepe. Nyumba zakale zosanjikizana za kuno zilibe chikepe, ndipo njinga ukaisiya pansi usiku, m'mawa umapeza loko yekha. Mmisiri anali atalonjeza kulemba dzina langa pa felemu. Mayi anati zimenezo n'zabwino, wakubayo adziwe womuthokoza.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ku Glasgow mwambi umenewu sufuna womasulira. Ndikadali kusinkhasinkha, mvula inkandipeza tsiku ndi tsiku podikirira basi, anzanga akudutsa pa njinga zawo.

Anagamula mlandu ndi mayi omwewo, akupakula nsima. "Bambo, mmisiriyo wayeza thupi lanu la lero. Adokotala akufuna thupi limenelo lichoke. Njinga ikagwira ntchito, mwini wake wasintha, muyezo wapita m'madzi. Ikapanda kugwira ntchito, ndalama zapita m'madzi. Sankhani madzi amene mukufuna." Ndinafunafuna poyankhira, koma mkamwa munali mbamu.

Ndinagula yopangiratu, yachitsulo, ya saizi M, yokhala ndi magadi otchinga matope ndi kaliyala yonyamulira ufa. Chishalo chimakwera ndi kutsika ndi sipanala imodzi, malinga ndi mmene mwezi wayendera. Loweruka ndimapita nayo ku Pollok Country Park kukaona ng'ombe zaubweya zija zobisa maso, zimene zimandiyang'ana ndikupuma wefuwefu.

Ndipo ndapeza ubwino umene wogulitsa sanandiuze. Pachitunda, ana a sukulu ndi agogo akamandipitirira, ndimapukusa mutu n'kuuza aliyense wofuna kumva kuti njingayi sinapangidwire thupi langa. Ndikanagula yoyezera ija, ya mamilimita ake enieni ndi dzina langa lolembedwa pambali, mukuganiza kuti mlandu ndikanaukankhira kwa ndani?