Chakudya sichiyimba ng'oma

Mwana wa mlongo wanga, wa sitandade 5, adabwera kuchokera kusukulu atakwinya nkhope. Aphunzitsi adawauza kuti alembe miyambi isanu, ndipo iye pa mwambi wachitatu adalemba kuti "Chakudya sichiyimba ng'oma." Aphunzitsi adazunguliza y uja ndi cholembera chofiira, nalemba z pamwamba pake, namudula malikisi awiri. Mwambi weniweniwo palibe angautsutse: chakudza sichiyimba ng'oma, tsoka silitumiza mthenga. Koma nditaliyang'ana kopelo ndidaona kuti mwanayo adalakwa mwanzeru, moti ndikadakhala mphunzitsi ndikadamuwonjezera malikisiwo. Umboni ndili nawo, ndiwo ukwati wa msuweni wanga.

Ukwatiwo udachitika mu Okutobala kumudzi kwathu, kuseri kwa Chitakale, dzuwa likuswa mtengo. Amayi a komiti ya zophika, poopa kuchita manyazi pamaso pa akuchimuna, adayamba kuphika mpunga Lachisanu usiku. Polira tambala woyamba mpunga udali utapsa kale, uli m'mabeseni akuluakulu ovindikira ndi zitenje kuti ntchentche zisaterepo. Kenaka kudadza za kutchalitchi, kujambulitsa m'munda wa tiyi, ndi perekaniperekani amene adatha maola anayi chifukwa wotsogolera mwambo adalumbira kuti palibe abwerere ndi K500 m'thumba. Tidadya dzuwa litapendeka. Mpunga udali woyera bwino, wofunda pang'ono ngati pamene pachoka nkhuku yofungatira. Padali nyama ya nkhuku, padali kabichi wosaphika woduladula ngati wa pachiwaya. Malume anga adawonjezera kawiri.

Ng'oma idalira cha m'ma 11 koloko usiku, ndipo idalirira m'mimba. Mudzi wonse udadzuka ngati kwagwa zovuta. Matochi a m'mafoni adatuluka nyumba ndi nyumba, onse kulowera mbali imodzi. Usiku umenewo ndidaphunzira kuti pakhomo la chimbudzi palibe wamkulu: anyakwawa adaima pamzere kumbuyo kwa mwana wa sitandade 2, ndipo mwanayo sadawapatukire. Adapulumuka ndi akwati, amene chifukwa cha manyazi a tsiku laukwati adangolawa.

Kutacha, bwalo lidakhala patsinde pa mtengo wa peyala. Ena adaloza akuchimuna. Ena adakumbukira kuti mayi wina adakana mbale nati adokotala adamuletsa mpunga, ndipo funso lidali lakuti adadziwa bwanji. Malume, maso atalowa m'kati, adagamula motere: "Mpunga uja ndidaununkhiza ndekha, mphwanga. Udalibe kanthu. Apa pali dzanja la munthu."

Dzanja la munthu mwina lidalipodi, koma losasamba.

Vuto la malume, lomwenso ndi la ambirife, ndi lakuti labotale yathu ndi mphuno. Ndiwo zikanunkha timataya, zikapanda kununkha timati zili bwino. Komatu tizilombo toolera chakudya ndi tina, todwalitsa munthu ndi tinanso. Toyambato ndi taulemu, timaodira ndi fungo. Tinato timalowa ngati mkamwini wobwera usiku, osasintha fungo, maonekedwe kapena kakomedwe. Mpunga wa paukwatiwo palibe adautengera kokaupima, koma akatswiri amamudziwa bwino mnansi wa mpunga wogona, dzina lake Bacillus cereus. Amakhala m'dothi, ndipo amapanga timbewu tolimba timene madzi owira satha kutipha, monga mbewu za kaufiti zimene zimadikira m'munda zaka ndi zaka mpaka wina adzalemo chimanga. Mpunga ukamazizira pang'onopang'ono pansi pa chitenje, timbewuto timadzuka. Mabakiteriya ambiri amasangalala kutentha kukakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo zinthu zikawayendera amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Kamodzi kokha, pakatha maola 7, kakhoza kukhala 2 miliyoni ndi kupitirira. Chiwongoladzanja chotere ngakhale wakatapila angachite nacho manyazi. Choipa china n'chakuti poizoni amene ena mwa iwo amasiya m'chakudya satha ndi moto, kotero kutenthetsanso mpunga wotere kuli ngati kuthamangitsa wakuba atabisa kale katundu. N'chifukwa chake a bungwe la WHO amati chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Mpunga wathu uja udakhala maola oposa 10, kudikira kuti perekaniperekani athe.

Nditawafotokozera zimenezi, malume adatulutsa chida chimene malume aliyense m'Malawi muno amasunga. "Makolo athu ankadya mkute, ankasamba m'manja m'beseni limodzi, ankamwera thobwa chipanda chimodzi. Adafa?"

Ndidayankha mwaulemu kuti inde, malume, adafa, n'chifukwa chake timawatcha makolo. Koma yankho lenileni lili kumanda a kwathu, pamene timitumbira ting'onoting'ono tachuluka kuposa ikuluikulu. Amene amadzitama kuti m'mimba mwawo ndi molimba ndi amene adatsala. Enawo sadafike poti angatsutse. Ndipo beseni lijalo taliganizirani bwino. Amayamba kusamba ndi bambo, amene wagwira chanza mudzi wonse, kenaka alendo, kenaka anyamata ochokera kokadyetsa mbuzi. Likamafika kwa mwana wamng'ono, amene thupi lake ndiye losalimba, madzi aja asanduka msuzi. Timati tikulemekeza akulu, chonsecho tikugawira mwana zonse zimene akuluwo atola tsiku lonse.

Chondidabwitsa n'chakuti ife a ku Mulanje ndife oyenera kumvetsa nkhaniyi msanga kuposa wina aliyense, pakuti ndife odya kalongonda. Palibe mayi wachilhomwe amene amanunkhiza kalongonda kuti adziwe ngati wapsa. Amadziwa kuti muli ululu wosaoneka, nauwiritsa tsiku lathunthu, kutaya madzi ndi kuthira ena, osawerengera nkhuni. Chinangwa chowawa nachonso amachiviika masiku angapo chisanasanduke ufa. Agogo athu sadaone poizoniyo ndi maso, koma adasunga mwambo wake mosaphonya. Ndiye zikutheka bwanji kuti mdzukulu wa anthu ochenjera chotere amve za sopo n'kunena kuti ndi zachizungu?

Mwayi wathu ndi wakuti masiku ano alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuyimbira chakudzacho ng'oma. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome akhala akupima magazi a odwala otentha thupi kuyambira 1998, kuika magaziwo m'timabotolo ndi kudikira kuti aone chimene chimeremo. Ntchito yosasangalatsa kuifotokoza pa nthawi ya nsima, koma yatulutsa zinthu zimene dziko lonse lidatchera khutu. Kumayiko a azungu Salmonella amadziwika ngati kachilombo kotsegula m'mimba masiku angapo basi. Kuno adapeza mtundu wina, umene adaupatsa dzina loti ST313, umene sukhutira ndi matumbo koma umalowa m'magazi, makamaka mwa ana amene afooka ndi malungo kapena kunyentchera, ndi mwa akulu amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Kachilombo kena ka mtunduwu, kochokera m'magazi a mwana wa ku Blantyre mu 2004, adakalembera nambala D23580, ndipo lero kakusungidwa m'malabotale a kunja kwa nyanja. Malume atamva zimenezi adadandaula kuti kachilombo kafika ku Ulaya pamene iwo pasipoti sadaigwirepo.

Timabotolo tomweto tidaulula za tayifodi. Kuyambira 1998 mpaka 2010 pachipatalapo ankapeza odwala tayifodi pafupifupi 14 pa chaka. Pofika 2014 adali 782, ndipo 97 mwa 100 aliwonse adali ndi tizilombo tosamva mankhwala atatu akale, kuphatikizapo Bactrim amene timamugula pa okala ngati switi. Apa mpamene malume adayang'ana kumbali, pakuti iwo m'mimba mukangolira amameza makapisozi awiri n'kusunga otsalawo kuti adzathandize tsiku lina. Kumwa mankhwala motero ndi kuphunzitsa mdani nkhonya: ofooka amafa, olimba amatsala n'kubereka ana olimba. Ofufuza omwewo adapezanso kuti ana a m'mabanja ophikira ndi kutsukira ziwiya madzi a mumtsinje ndiwo ankagwidwa kwambiri. Mu 2018 adayamba kuyesa katemera watsopano pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, ndipo adateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 aliwonse. Mu Meyi 2023 katemerayo adaperekedwa m'dziko lonse kwa ana a miyezi 9 mpaka osakwana zaka 15, ndipo mwini kope uja adabwera kunyumba akusisita mkono.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za ku Blantyre. Koma minibasi yochoka ku Limbe m'mawa imafika ku Limbuli nsima ya masana isanapse, ndipo pachipata cha Muloza palibe amafunsa kachilombo chiphaso. Wonyamulayo sayeneranso kuoneka wodwala. Ku New York kudali mayi wina wophika m'nyumba za olemera, Mary Mallon, amene mu 1907 adapezeka kuti pafupifupi kulikonse kumene wagwira ntchito anthu amadwala tayifodi, mwini wake ali bwinobwino. Akadakhala kwathu kuno tikadamutengera kwa sing'anga, naye akadakana mpaka kulira, pakuti sankadziwadi kanthu. Choncho mawu akuti "wophikayo ndi mayi waukhondo, timapemphera naye" ndi umboni wabwino wa khalidwe lake, koma sanena kanthu za mpeni umene wadulira nkhuku yaiwisi kenaka n'kudulira kabichi.

Abale a m'tauni, musaseke msanga ndi mafiriji anuwo. Mu 2017 ndi 2018 ku South Africa anthu oposa 1,000 adadwala ndipo oposa 200 adamwalira ndi Listeria, amene adamulondola mpaka kufakitale ya poloni ku Polokwane. Poloniyo adali wokutidwa bwino m'pulasitiki, wogulidwa m'sitolo zowala, ndipo Listeria ndi kachilombo kamene kamaswana ngakhale m'firiji. Onjezanipo khalidwe la magetsi athu, amene amapita osatsanzika n'kubwera osaodira, nyama n'kusungunuka masana, usiku n'kuumanso, mwini wake osadziwa kanthu. Kunena zoona, usipa wouma wa pamsika wa Chitakale nthawi zina ndi wokhulupirika kuposa soseji ya m'firiji yotero.

Pali pamene nthabwala zimathera. Kolera imene idayamba mu Marichi 2022 idagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, mliri wa kolera woopsa kuposa yonse imene dziko lino lidaonapo. Ili m'kati, namondwe wa Freddy adafika mu Marichi 2023, madzi ndi miyala zidatsika m'phiri la Mulanje, zimbudzi zidagwa, zitsime zidasakanikirana ndi zonyansa. Masiku amenewo sitidatsutsane ndi alangizi a zaumoyo. Tidathira klorini m'ndowa, tidaleka kugwirana chanza pamaliro, khomo lililonse lidali ndi mpondagiya ndi kachidutswa ka sopo, ndipo mwana akatsegula m'mimba tinkathamangira Thanzi ndi kuchipatala, osati kubwalo la peyala. Mliri utatha, mpondagiya uja adasanduka chikuni, kachigubu kake ana adapangira galimoto. Timavina ng'oma ikamalira, ikaleka timayesa kuti gule watha.

Akuluakulu a kuno amasimba kuti woyenda m'phiri, cha kufupi ndi Sapitwa, nthawi zina amapeza chakudya chokonzedwa ndi mizimu, ndipo lamulo lake ndi lakuti udye pomwepo, osaitana mnzako, osanyamula. Kale ndinkati mizimuyo ndi youmira. Tsopano ndikuona kuti idali patsogolo pa komiti ya zophika ija: idadziwa kuti chakudya chimalakwa chikayamba kudikira anthu.

Chaka chatha kudali ukwati wina, ku Nkando. Malume adafika m'mamawa, nalunjika kumafuwa asanapereke moni kwa eni khomo. Ndidawamva akufunsa amayi kuti mpunga atereka nthawi yanji, nkhuku yapsa mpaka pafupa kapena ayi, ndipo mpeni wa kabichi ndi uti. Pa nthawi yosamba m'manja adakana beseni, nauza mnyamata kuti awathirire madzi ndi jagi. Mbale itafika, nthunzi ili tolotolo, adaiyandikizabe kumphuno, pakuti chizolowezi sichifa ndi ukwati umodzi. Ndidawanong'oneza kuti kodi si inu munkati makolo sadafe?

"Iwe mphwanga," adatero akupotokola mwendo wa nkhuku kuti aone ngati muli magazi, "ng'oma ija ndidaimva ndekha. Koma idalira nditadya kale, ndipo gule wake sindifuna kuvinanso pamaso pa ana."

Kope lija ndidalisunga. Malikisi awiri aja ndidamulipira mwanayo ndi nanazi, nditamusambitsa kaye m'manja.