Ulemu kwa Mfumu Mpatuliro ndi Akapaso Ake

Alendo akafika ku Lundazi amathamangira kukajambula Castle Hotel, chinyumba chimene DC wachitsamunda Errol Button anayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Ena amatama chiponde cha COMACO. Koma palibe amene amaombera m'manja mfumu yosunga maina a alimi a kwa Mwase, kwa Mphamba ndi kwa Kapichila. Mfumuyo ndi kachizindikiro kopinda mchira kaja aphunzitsi anatiuza kuti ndi mpatuliro.

Dziko lake limatchedwa CSV, fayilo yosadzola mafuta. Dzina, mpatuliro, nambala ya NRC, mpatuliro, ndalama, mpatuliro, matumba a feteleza, basi mzere watha, abwere mlimi wina. Kompyuta yokalamba ya kopaletivu imaitsegula osatsokomola, ndipo foni imaitumiza pa WhatsApp ngakhale netiweki ikutsimphina kumalire a Lusuntha. Makompyuta a IBM ankawerenga kale manambala olekanitsidwa motere mu 1972, koma malamulo ake anadzalembedwa mu 2005 m'chikalata cha RFC 4180, chimenenso sichikakamiza munthu aliyense. Zaka 33 mfumu ikulamula popanda lamulo lolembedwa, osaukiridwa ngakhale kamodzi. Andale athu aphunzirepo.

Mfumu siyenda yokha. Ili ndi akapaso, timapulogalamu tating'ono tomwe ntchito yake ndi kuwerenga ndi kulemba mafayilowa. M'chinenero cha makompyuta cha Python anakhazikika mu 2003, ndipo maina awo ndi osadzikuza: wina reader, wina writer. Sapempha alawansi ya msonkhano, sapita kumaliro Lolemba, safunsa kuti ndinu a chipani chiti. Kukhulupirika kwawo ndi kochititsa mantha. Mlembi akalemba K1,500 osaitchinga ndi mitengero, kapaso amaona mfumu yake pakati pa ndalamayo n'kugwada pomwepo. Mlimi amapezeka kuti analipira kwacha imodzi, ndipo 500 ija yasunthira m'danga la matumba. Ndiuzeni wogulitsa feteleza amene anachitapo chifundo chotere.

Ndimawakonda kwambiri akapaso opangira pakhomo. Mnyamata waphunzira Python pa foni, akuti sangabwereke za eni, alemba zake. Kamzere kamodzi kokha: paliponse pali mpatuliro, dula. Zimayenda bwino mpaka tsiku limene munthu adzalembe kwawo kuti Emusa, Chasefu. Kuti Chasefu ndi Lumezi zipatuke ku Lundazi mu 2018 panafunika chilengezo cha boma ndi maofesi atsopano. Mpatuliro amapatula Emusa ku Chasefu m'kuphethira kwa diso, osapemphanso bajeti. Mnyamata uja amawonjezera lamulo la mitengero, kenako la mitengero yokhala m'kati mwa mitengero ina, imene iyenera kulembedwa kawiri, kenako la mlembi amene anadina Enter pakati pa dzina. Pofika m'bandakucha wamanganso chimene anzake anamaliza kalekale. Ndi sukulu iti ingaphunzitse kudzichepetsa mwaulere chonchi?

Adani alipo, ndipo amaneneza mfumu milandu ya ena. Akuti imadya ziro wa nambala za foni, 097 n'kusanduka 97, uthenga wa vocha n'kusowa kolowera. Bodza. Ziroyo amakhala ali bwinobwino m'fayilo. Excel ndiye amamumeza potsegula, poganiza kuti nambala ya foni ndi masamu. Akutinso imasandutsa Malaŵi kukhala MalaÅµi. Apanso mfumu ilibe mlandu, chifukwa CSV sinena kuti zilembo zake zasungidwa mwa UTF-8, ndipo wotsegula akalota molakwika, ŵ wathu ndiye amavulala. Ngakhale ku England, mu 2020, zotsatira za anthu 15,841 opezeka ndi Covid zinatsala osawerengedwa pa nthawi yake chifukwa mafayilo a CSV anathiridwa m'fayilo yakale ya Excel yokwana mizere 65,536 yokha. Azungu ndi ndalama zawo zonse anapunthwa pomwe amapunthwa mlembi wa kwa Zumwanda.

Chofooka chimodzi ndivomereza: ufumuwu uli ndi malire. Ku Tete, kumene Chipwitikizi chimalemba chimodzi ndi theka kuti 1,5, mafayilo ambiri amalekanitsa zinthu ndi kadontho kokhala pamwamba pa mpatuliro, ndipo kapaso wathu akawalandira amakhala kakasi.

Tsono inu alembi a makopaletivu, nyengo yolembetsa alimi ikafika, musapite kwa mfumuyi chimanjamanja. Mphatso imene imakonda ndi mitengero iwiri pa ndalama iliyonse ndi pa dzina la mudzi lililonse lokhala ndi mpatuliro. Musanatumize mndandanda, utseguleni mu Notepad muone ngati ma ziro a mafoni akadalipo.